Mipando Yonunkha Matemba

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene nyanja ya Chilwa inatithawa. Padoko la Kachulu panangotsala matope ong'ambikang'ambika. Boti la bambo anga linagona chammbali ngati ng'ombe yodwala, ndipo tinatopa nako kuliyang'ana.

Tsiku lina bambo anapita ku Zomba kukasaka ganyu. Sanaipeze, koma anabwerako ndi nzeru. Anaona anthu ataima padzuwa padepoti, ena pamizere ya kubanki, opanda pokhala. Anati apanga timipando topinda, topepuka, toti munthu n'kupanira m'khwapa.

"Matabwa ake muwapeza kuti?" anafunsa mayi.

Bambo analoza boti lija ndi mlomo.

"Abambo a Felesiya, madziwatu adzabwera."

"Nanga podikirapo tizidya matope?"

Boti linaphwasulidwa. Bambo ankacheka matabwa, kuwapala, n'kupingasa miyendo iwiriiwiri, pakati n'kumanga bawuti. Pokhalira ndinkaluka ine ndi ukonde wakale, zala mpaka kutupa. Kunena zoona, timipandoto tinali tokongola. Ngakhale mayi, ndi mkwiyo wawo wonse, anakhalapo n'kuvomera kuti n'tolimba.

Tinatinyamula paminibasi, ine ndi bambo. Titafika padepoti, munthu wina wovala suti anatenga kamodzi, kukapinda, kukatambasula, n'kukhalapo. Posakhalitsa anakwinya mphuno, n'kudzuka msangamsanga akununkhiza m'manja.

"Achimwene, mpandowu mwauwedza ndi mbedza kapena ndi ukonde? Ukungonunkhatu matemba okhaokha!"

Anthu anafa nacho chiseko. Bambo anakatola, kukanunkhiza uku ndi uku, koma sanamve kanthu. Inenso ndinanunkhiza, osamva kanthu. Tinabadwira m'fungo limenelo, kwa ife unali mpweya basi. Ndinachita manyazi, koma chinandiwawa koposa n'chakuti bambo anasekera nawo limodzi, kuseka kwa munthu wotopa.

Tinatitsuka ndi sopo, ndi phulusa, kutiyanika padzuwa, koma fungolo linali litalowerera m'thabwa. Towerengeka tinagulidwa ndi amayi ogulitsa nsomba pa Songani, amene mphuno zawo zinali ngati zathu. Tambiri tinangounjikika kuseri kwa nyumba.

Mvula itagwa bwino, nyanja inabwerera monga mayi ananenera. Koma mayi sanawakumbutse bambo mawu awo aja. Asodzi anzawo anamata maboti awo ndi phula n'kulowa m'madzi. Bambo m'mawa uliwonse ankapanira kampando kamodzi m'khwapa, kukakatambasula padoko, n'kukhala kudikira woti awatenge kukakoka ukonde wa eni. Mpaka kumwalira kwawo sanakhalenso ndi boti.

Lero ndine kalipentala mu Zomba, ndipo ndimapanga mipando yopinda yomweyo, ya mavenda ndi anthu odikira pamizere. Ndisanaitulutse, ndimaitana munthu wongodutsa kuti akhalepo, ainyamule, ainunkhize ndithu. Amandiseka, koma ndinaphunzira movutika kuti chimene wakulira nacho sungachimve wekha.

Kampando ka bambo kaja ndikadali nako. Chaka chatha, ndikusesa, ndinakatambasula, ndipo kwa nthawi yoyamba fungo la matemba linandimenya m'mphuno. Wasuti uja sananame. Ndinakhala pansi n'kulira, chifukwa ndinadziwa kuti mphuno yanga siilinso ya kwathu.