Funso Lachinayi pa Khonde la a Daka

A Ketilina Daka a ku Madzimoyo ndi mlimi wa mtedza, koma anthu amawadziwa kwambiri ndi za ku tchalitchi. Kwa zaka zambiri, kukabwera wansembe wachilendo wosadziwa Chinyanja, ndi iwo ankaima pambali pake kumasulira ulaliki. Munthu akamalankhula amamumvetsera mpaka kumapeto, kenako amafunsa kuti wamutuma ndani.

Chaka chatha amuna awo, a Matiyasi, anadwala sitiroko. Mwendo unayambanso kuyenda, koma kumeza kunavuta. Akamwa madzi ankatsokomola mpaka maso kufiira. Anaonda kwambiri. Alongo awo a Matiyasi, a Sesiliya a ku Nabvutika, anayamba kuuza abale kuti alamu awo akumumana chakudya wodwalayo.

Lachitatu lina m'mawa kunafika nesi, dzina lake Loveness, ndi pepala la mafunso khumi. Anati mafunsowo ndi a odwala ovutika kumeza. Analembedwa m'Chingerezi, a kuchipatala awamasulira, ndipo iye akuyesa ngati anthu akuwamva bwino.

"Wakulozerani pano ndani?" anafunsa a Ketilina.

"Dzina la abambo lili m'buku lathu, amayi."

"Inu mumakhala kuti?"

"Ku Nabvutika."

A Ketilina anangoti "Oho." Anapereka mpando, iwo n'kukhala pamphasa pomwe akanatha kuona zimene cholembera chikulemba.

Mafunso atatu oyamba anadutsa bwino. Funso lachinayi Loveness analiwerenga chonchi: "Kodi mumakhala ndi kanthu kukhosi mukamadya?"

"Tsiku lililonse," anayankha a Matiyasi movutikira. Loveness anachonga.

A Ketilina anaika dzanja papepalapo. "Basi, mwapeza zimene munadzera. Kawauzeni alamu anga kuti alongo awo avomera."

"Alamu anu ati, amayi?"

"Musandipusitse. Mwafunsa bambowa ngati amandisungira zakukhosi ndikawapatsa chakudya, inu n'kulemba."

Loveness anawerenganso funsolo papepalapo. Ananena kuti anakulira ku Kabwe komwe Chinyanja sichilankhulidwa kwambiri, a Sesiliya sawadziwa, ndipo sankadziwa kuti kanthu kukhosi ndi chakukhosi, mkwiyo wosunga mumtima. A Ketilina sanakhulupirire, komabe anafunsa kuti Chingerezicho chikuti chiyani. Loveness anafotokoza kuti chikufunsa ngati chakudya chimaima panjira, osatsika.

"Ndiye nenani kuti chimakakamira pammero," anatero a Ketilina. Anatembenukira kwa amuna awo. "Bambo, chakudya chimakukakamirani pammero?"

A Matiyasi analoza pansi pa chibwano. "Apa."

"Nanga ine muli nane chifukwa?"

"Phala lanu," anatero a Matiyasi, "ndi lamadzi."

A Ketilina anapsa mtima. Miyezi yonseyi ankalisungunula dala poganiza kuti likhala losavuta kumeza. Loveness anati kwa odwala ena zamadzimadzi ndiye zimatsamwitsa, ndipo anawapempha abwere nawo abambo kuchipatala akawaone bwino.

Asanamulole kupita, a Ketilina anamuwerengetsa mafunso onse kawiri. Anakonza ena atatu. Funso lofunsa ngati wodwala amapewa kudyera kwa anthu anati lichotsedwe mawu oti "kuopa", chifukwa kumudzi woopa kudya kwa mnzake ndiye kuti akumuganizira mankhwala.

Kuchipatala anawalangiza phala lolimbirako ndi kudya atakhala tsonga. Pano a Matiyasi amatha theka la mbale osatsokomola.

Mwezi watha Loveness anabweranso, kudzapempha a Ketilina kuti amuperekeze ku chipatala cha Mwami akayese mafunso okonzedwawo kwa odwala ena. Anavomera atafunsa dzina la dalaivala, kwawo, ndi tchalitchi chimene amapemphera. M'galimoto anakhala pafupi ndi chitseko, atanyamula mbatata zawo zophika ndi madzi a pachitsime chawo.