Anati Ndi Likango

Mwana wanga woyamba ndinaberekera m'tauni, ku komboni ya Kanyama, nyengo yozizira. Anali wamwamuna, wamutu waukulu ngati bambo ake, ndipo potuluka anandisiyira kachotupa kumalo ochitira chimbudzi, kolimba, kukula ngati nzama. Ndikakhala pansi kankawawa, ndikayenda kankayabwa, ndikadzithandiza ndinkaona timadontho ta magazi. Sindinauze munthu. Za kumeneko umayamba bwanji kuzinena?

Chimbudzi chinali chimodzi pa mabanja onse a pa pulotipo. M'mawa pankakhala mzere, ukachedwa mkati wina n'kumamenya chitseko cha malata akukufunsa ngati wagona. Ndiye ndinaphunzira kudzigwira. Ndinkadya mabanzi ndi tiyi, madzi ndinkamwa pang'ono dala kuti ndisamapiteko kawirikawiri. M'mimba munauma gwa, ndipo tsiku loti ndapita ndinkadzikakamiza mpaka misozi. Kachotupa kaja kanakula, kanada.

Mvula itafika, Kanyama anasanduka dambo monga amachitira chaka chilichonse. Zimbudzi zinasefukira, madzi ake n'kumayenda m'njira, ife tikudumpha pa miyala. Mwana anali atangoyamba kulawa phala pamene anayamba kutsegula m'mimba. Bambo ake ankachoka m'mamawa kukasaka maganyu onyamula matumba ku mafakitale, choncho amene anabwera kudzationa anali apongozi anga, ochokera ku komboni ya George. Kwawo kwenikweni ndi ku Katete, ndipo ngakhale anakalambira m'tauni, za kumudzi sanatayeko n'chimodzi chomwe.

Mwanayo anangomuyang'ana pang'ono. Amene anamuyang'anitsitsa ndine. Ndinali nditakhala chammbali pa mpando, thako limodzi lili m'mwamba, monga ndinali nditazolowerera.

"Imwe amake mwana, munkhala bwanji so? Muli na chani kumbuyo?"

Ndinayesa kuseka, iwo sanaseke. Ndinawauza, maso ali pansi.

"Ni likango iyo," anatero. "Ndiye yamene idwalisa mwana. Ngati simuchosa, muzashika bana ku manda mpaka mukakalambe."

Likango ndinali nditalimvapo. Amati ndi kanthu komera kumalo obisika a mayi kapena bambo, kamene kamadwalitsa ana a m'nyumbamo mpaka kuwapha. Ndinapempha kuti tiyambe tapita naye kukiliniki.

"Ba kukiliniki bazamupasa chabe tumapilisi. Matenda yali pa imwe."

Mwamuna wanga atabwera ndinamufotokozera. Anakanda mutu, akuoneka wamanyazi kuposa ine, nati, "Bamayi ndiye baziba vinthu ivi." Ndinali mtsikana, mwana anali woyamba, mayi anga ali kutali. Amati mawu a akulu akoma akagonera. Awa agonera zaka zambiri tsopano, ndipo sanakomebe.

M'mawa mwake apongozi anabwera ndi mayi wina wodziwa kudula, atanyamula lezala latsopano lili m'pepala lake. Anandionetsa kuti ndi latsopano, ngati kuti nkhawa yanga inali imeneyo. Anandigoneka pa thumba pansi, apongozi anandigwira miyendo, ine ndinaluma chitenje. Mwana anali pabedi, akulira ndi kamawu kakang'ono. Mayi uja anadula, kenako anapakapo ufa wakuda. Ndinamva ngati andikhazika pa mbaula.

Magazi sanaleke. Chitenje chinanyowa, anabweretsa china, nacho chinanyowa. Wodula uja anati ndi magazi oipa, tiwasiye atuluke, ndipo ananyamuka mvula isanayambenso. Tsiku lonse maso a anthu anali pa ine. Amayi oyandikana nafe ankalowa, kundimwetsa tiyi, kundipukuta, kutuluka. Mwana ankangomusintha matewera. Chakumadzulo analeka kulira.

"Mwaona?" anatero apongozi, nkhope itawala. "Agona manje. Mankhwala yasebenza."

Ndinawakhulupirira, chifukwa ndinkafuna kuti ululu wonsewo ukhale ndi phindu. Kutacha ndinakwawa mpaka pabedi kuti ndimuyamwitse. Bere sanaligwire. Milomo inali youma, maso atalowa, ndipo nditamugwira pamutu liwombo linali litabira m'kati. Tsiku limenelo ndinakalipira apongozi anga koyamba chikwatiwire, mawu amene mkamwini kapena mtengwa sanena. Mwamuna wanga sanapite ku maganyu. Anakabwereka wilibala, chifukwa kuyenda sindikanatha, natikweza ine ndi mwana, n'kumatikankha m'madzi ofika m'mawondo.

Kukiliniki nesi anandilanda mwana osafunsa n'komwe khadi. Anafunafuna mtsempha wa diripi m'manja, m'miyendo, mpaka pamutu. Atamuika m'manja mwa anzake anaona magazi pa benchi pamene ndinakhala, nandilowetsa m'kachipinda. Anayang'ana bala lija.

"Nindani anakuchitani ivi, mayi?"

Ndinanena za likango.

"Aya ni mapailosi chabe, ku Chipata bakuti mudzi. Ni misipa yotupa. Bazimayi bambili bamankhala nayo bakabala."

Anandiuza kuti mankhwala ake anali kukhala m'beseni la madzi ofunda, kumwa madzi ambiri, kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso, kupaka mafuta a kukiliniki, ndi kuleka kudzigwira. Zikakanika, madokotala amachotsa okha mwaukhondo. Beseni ndinali nalo. Ndi limene ndinkachapiramo matewera.

"Sivimapaya mwana ivi," anatero. "Mwana uja ni manzi yamusila mu thupi, auma. Sembe munabwela pamene anayamba..."

Sanamalize. Mwana wanga anamwalira masana omwewo, ine ndili chigonere pa bedi lina akundisoka.

Pa maliro sindinkatha kukhala pansi, ndinkagona chammbali pa mphasa. Amayi ankaganiza kuti ndagona tulo, ndipo ndinawamva akunong'onezana pafupi ndi mapazi anga. Anati zachisoni, mtsikanayu anabisa, anachedwa kudula. Palibe anatchula madzi a m'njira. Apongozi analira mpaka mawu kutha, ndipo kulira kwawo kunali koona, mdzukulu wawo ankamukonda. Anadzamwalira patapita zaka, akukhulupirirabe kuti tikanadula msanga akanakhala moyo. Ndinawasamalira pa matenda awo, ndinawasambitsa, koma mtima wanga sunawamasule.

Pa mimba yachiwiri chotupa chija chinabwereranso, pambali penipeni pa chipsera. Sindinauze munthu, koma ulendo uno sikunali chifukwa cha manyazi. Ndinkafunditsa madzi, kutseka chitseko, kukhala m'beseni. Apongozi akabwera ndinkakhala mowongoka pa mpando, kumwetulira, ululu ukundibaya, mpaka atapita. Mwanayo ndi wamkazi. Nayenso anatsegulapo m'mimba mvula ina, ndipo ndinamubereka kumbuyo n'kuthamangira naye kukiliniki osatsanzika aliyense.

Pano amapita yekha kusukulu, amadumpha pa miyala yomwe ija, amandiyankha mwano akafuna. Chotupa chilipobe. Ndikulemba izi nditakhala chammbali.