Thunthu la Nthochi M'manda Anga

Ndinafika kwathu ku Chiparamba masana, mvula itangokata. Woyamba kundiona anali amayi. Anali pa mtondo, mutu atameta mpala. Anaponya munsi pansi n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Apo ndinadziwa kuti maliro anga anachitika kale.

Sukulu ya mishoni ndinaisiya nditatopa ndi ndodo ya mphunzitsi. Ndinatsikira ku chigwa cha Luangwa kukagwira ntchito kwa munthu wina wowamba nsomba. Mtsinje utadzaza, ufa unatithera pa msasa, ndipo anzanga anaopa kuwoloka. Ine ndi matama anga ndinalowa m'bwato ndekha. Madzi ananditenga. Anzangawo anaona bwato likuzungulira pokhotera mtsinje, kenako osalionanso, ndipo anatumiza uthenga kwathu kuti ndamira.

Sindinamire. Ndinapalasa masiku anayi pakati pa mitengo yomira mpaka m'nthambi, kufunafuna pouma poti nditsikire. Nkhafi inandisenda zikhatho mpaka nyama. Anthu a mudzi wina anandivuula n'kundisunga mpaka malungo atatsika. Kenako ndinakwera mapiri wapansi, manja okulungidwa m'nsanza, akununkha.

Amalume, omwe ndi eni mbumba yathu, anatuluka m'nyumba n'kuima patali.

"Ima pomwepo, mphwanga. Usaponde pakhomo."

"Malume, ndine ndemwe. Kodi mzukwa umatuluka mafinya?"

"Pakamwa ndi pako ndithu, ndapamva. Koma ife tinakuika kale."

Anandifotokozera ngati ndine mlendo. Mtembo ukasowa, anthu amaika thunthu la nthochi m'malo mwake kuti manda asakhale opanda mwini. Langa linali kumanda, litakwiriridwa bwinobwino. Munthu sakhala pawiri, anatero. Ndinayenera kukalifukula ndi manja anga n'kukalitaya kumtsinje. Ndisanatero, wachibale aliyense wondikhudza ndiye akalowe m'dzenjemo.

Ndinawatambasulira manja. "Ndikumbe ndi awa?"

"Tidikira apole."

Anandipatsa chigafa cha fodya chomwe chinali kumapeto kwa munda. M'menemo ndimo ndinapumira, ngati kumeneko n'kupuma. Ndinkagona tsiku lonse pa mphasa yong'ambika. Ndikatseka maso, pansi pankayenda ngati madzi, ndipo ndinkadzidzimuka mapewa akukoka nkhafi yomwe kunalibe. Msana unauma ngati thabwa. Ntchentche zinandipeza tsiku loyamba lomwelo ndipo sizinachokenso.

Amayi ankabweretsa phala m'mawa ndi masana. Ankaika mbale patsinde pa nsanamira n'kubwerera chambuyo mpaka pa mzere wa chimanga. Zala zanga sizinkapindika, choncho ndinkagwada n'kukhathira ngati galu, iwo akuonerera. Amayi omwewo sankajomba kutchalitchi, nyimbo zonse anali nazo pamtima.

"Uviike manjawo m'madzi a mchere," anatero tsiku lina.

"Amasule nsanzazi ndani?"

Ndinawafunsanso:

"Kodi abusa ndiwo anakuphunzitsani kuopa nthochi, mayi?"

"Abusa sanaikepo mwana," anatero, n'kutembenuka.

Nsanzazo ndinazimasula ndi mano. Zinachoka ndi khungu. M'madzi a mchere ndinaviika kamodzi kokha, pakuti panalibe wondigwira mkono kuti ndisauchotse m'madzimo. Sabata itatha, dzanja lamanja linali litatupa mpaka pa mfundo, likugunda ngati ng'oma. Amalume ankabwera, n'kusuzumira, n'kunena kuti lipola. Sindine wophunzira, koma izi ndinaziona: iwo ankadikira kuti manja apole kuti andikhudze, pomwe manjawo sakanapola popanda wowatsuka. Akanadikira choncho mpaka kundiika kachiwiri, ulendo uno osavutika n'kudula nthochi.

M'mawa wina ndinatenga khasu lomwe linali m'chigafamo. Ndinamangirira mpini ku mkono ndi luzi, ndikukoka mfundo ndi mano, n'kuuyamba wa kumanda. Ndinadutsa pakati pa mudzi dala. Azimayi anakokera ana awo m'nyumba. Amalume ananditsatira, amayi pambuyo pawo.

"Mphwanga, taleka liuma. Sanapole amenewo."

"Ndisonyezeni pamene ndagona."

Analoza kamtumbira ka dothi lofiira m'mphepete mwa manda. Udzu unali utayamba kale kumerapo.

Mwayi wanga unali woti nthaka inali yonyowa, ndiponso adzukulu sanakumbe mozama, poti ankadziwa chimene akuika. Komabe nkhanambo zonse zinaphulika ndisanafike n'komwe m'mawondo. Mpini unkaterera ndi magazi. Ndinasanza kawiri. Palibe anasendera. Dzuwa lili pamutu khasu linakola nsalu. Linali bulangete la amayi, lomwe anali nalo limodzi lokha, ndipo m'kati mwake munali malaya anga a kaki a kusukulu, atavekedwa thunthu lija. Nthochiyo inali itawola, yamadzimadzi, ikununkha kuposa ine. Ndinaikumbatira choncho, n'kupita nayo kumtsinje, n'kuiponya.

"Basi," anatero amalume. "Wabwera. Takulandira."

Amayi anafika ndi mphika wa madzi a mchere womwe anaunyamula kuchokera kunyumba osandiuza. Anandigwira mikono yonse iwiri n'kuiviika, osaisiya ngakhale ndinakuwa mpaka mawu kutha. Anafinya mafinya chala ndi chala.

"Ukanadikira pang'ono, mwanawe," anatero.

"Mukanandigwira tsiku lomwe lija."

Anangopitiriza kutsuka.

Madzulo ake ndinalowa m'nyumba, ndipo ndinagona m'menemo mwezi wathunthu. Kutupa kunaphwa. Koma zala ziwiri za dzanja lamanja zinapindika ndipo sizinawongokenso. Nkhafi sindingaigwire, khasu limandipulumuka, ndipo izi ndikulemba ndi dzanja lamanzere, ine amene ndinathawa cholembera chikadali chosavuta. Tsitsi la amayi linamera. Bulangete lija analichapa, amalifundabe. Koma mpaka lero, ndikalowa m'nyumba osayamba ndatsokomola pakhomo, amayamba abwerera chambuyo, kenako n'kundifunsa ngati ndadya.