Bondo la Mayi Kienzle

M'nyumba yathu yosanja ku Reutlingen timakolopa masitepe mosinthana, banja lililonse Loweruka lake. Kuno munthu wokuponda phazi amakhululukidwa, koma wodumpha tsiku lake ayi.

Mayi Hiltrud Kienzle, amasiye okhala pamwamba penipeni, anasita zovala m'hotela zaka makumi atatu, ndipo tsiku lawo sanaliphonyepo mpaka nyamakazi inawatupitsa bondo ngati dzungu. Akati agwade, misozi. Mayi Vollmer a pansi, amene ankayendetsa chala pa sitepe iliyonse kusaka fumbi, analembera landilodi makalata awiri. Landilodi anati ikabwera yachitatu, Mayi Kienzle alongedze.

Mapiritsi atakanika, dokotala anaitanitsa jakisoni wa mankhwala otulutsa cheza, obaya m'bondo momwemo kuti akawotche zotupazo. Mankhwalawo sachedwa kutha mphamvu, choncho tsiku silisinthika. Linali Lachisanu. Akakubaya amaumanga mwendo masiku awiri osaupinda, kuopa kuti mankhwala angathawe m'bondo n'kuyenda m'thupi. Mawa lakelo linali Loweruka lawo.

Mayi Kienzle anatsika movutika kukapempha Mayi Vollmer kuti asinthane masiku.

"Kalendala ili pakhomapo, Mayi Kienzle," anatero Mayi Vollmer. "Kapena nyamakaziyo yafikanso m'maso?"

Ndinawakolopera ndine. Kalata yachitatu inapitabe, yoti mayiyu wayamba kutuma anzake ngati bwana, ndipo landilodi anawapatsa miyezi itatu. Ndikakumbukira, mpaka lero mtima umandiwawa.

Mwezi wachiwiri bondo linaphwa. Mayi Kienzle sanauze munthu, ankatsimphinabe dala. Anadikira Loweruka la Mayi Vollmer, tsiku lomwe landilodi anabwera ndi banja lodzaona zipinda zawo. Mayi Vollmer atangokolopa, masitepe ali chinyowere, Mayi Kienzle anatuluka ndi ndowa ndi nsanza yoyera, nagwada. Kwathu kuno kubwereza pamene mnzako wakolopa n'chipongwe choposa mbama. Anatsika sitepe ndi sitepe, akupisa chala m'makona monse, ife tonse tili pa zitseko. Atafika pansi anaika ndowa ya madzi akuda bii pamapazi pa landilodi.

"Awatu ndi masitepe okolopa kale, bambo. Ndichite kukulemberani, kapena mwadzionera nokha?"

Landilodi anakanda m'mutu, nauza banja lija kuti pepani, malo kulibe.

Mayi Kienzle akadali pamwamba pomwepo. Mayi Vollmer akangomaliza kukolopa, iwo amatsika ndi ndowa yawo kudzabwereza, ndipo chino n'chaka chachinayi.