Dzina Lochokera ku Limbe

Ndikukumbukira chaka chimene tinayamba Chingerezi chenicheni pa kasukulu kathu ka kumudzi, chakufupi ndi ku Mbombwe, nkhondo yaikulu itatha koma Chitaganya chisanabwere. Denga linali la udzu, mipando yadothi, ndipo ukadzukapo diresi linkakhala litafiira kumbuyo. Atsikana m'kalasimo tinalipo anayi okha. Awiri mwa anayiwo tinali ine Byuti ndi Puriti, mwana wa mayi anga aang'ono. Tinabadwa mwezi umodzi, ndipo mayina onse awiri anatitcha ndi ababa anga, amene ankagwira ntchito yophika kwa mzungu wina ku Limbe. Tanthauzo lake panalibe ankalidziwa m'mudzimo, ndipo palibe amene zinkamusowetsa tulo.

Puriti anali wamfupi, wofatsa, koma wamutu wakuthwa. Ine ndinali wamtali, wolongolola, ndipo masamu anga ambiri ankachokera pa sileti yake. Mayi ake sukuluyo sankaifuna. Ankati mtsikana akadziwa kusinja ndi kulemba dzina lake ndiye kuti wamaliza, ndipo ankangodikira tsiku loti Puriti anene yekha kuti watopa. Lamulo la aphunzitsi athu, a Namanja, tonse tinkalidziwa: ukajomba masabata awiri athunthu, dzina lako ankalifufuta m'kaundula, ndipo silinkabwereramonso.

Tsiku lina a Namanja analemba mawu anayi pa bolodi: beauty, pretty, handsome, nice. Anasasa choko m'manja, nkunena kuti ife Anyanja ndife aulesi, chifukwa mawu amodzimodzi oti kukongola timaveka mkazi, mwamuna, mbuzi, nsalu ndi munda womwe. Azungu ayi, amagawa. Handsome ndi wa amuna, ndipo ukauza dona kuti ndi handsome, ntchito yatha pompo. Nice ali ngati mchere, amalowa paliponse: tiyi, nyengo, ngakhale munthu amene wasowa pomuyamikira. Pretty ndi kukongola kwa tinthu ting'onoting'ono, kaduwa, kambalame, kamwana. Koma beauty, apa anaimika chala m'mwamba, ndiye mayi wa onsewo, kukongola kwathunthu kosachita kufunsa.

Mutu wanga unakula nthawi yomweyo. Pa nthawi yopuma, pansi pa mtengo wa mango, ndinawabwerezera anzanga phunzirolo mwa njira yanga. Ndinati beauty ndi nkhuku yathadzi, pretty ndi kamwanapiye. Ndinapinda mikono ngati mapiko nkumayenda monyang'wa, ndikumuuza Puriti kuti azinditsata pambuyo. Anyamata sanachedwe kuiwanditsa nkhaniyo. Poweruka aliyense akamuona ankangoti piyo, piyo, piyo! Zinatero sabata yonse, ndipo woyambitsa m'mawa uliwonse ndinali ine. Ndisaname, zinkandikoma. Kwa nthawi yoyamba ndinali ndi chomuposa chimene sindinakopere pa sileti yake.

Lolemba lotsatira Puriti sanabwere. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndikamadutsa pakhomo pawo ndinkamuona ali pa mtondo, osadzutsa nkhope, mayi ake akupeta pambali ali mwee. Masamu anga anayamba kudwala, ndipo a Namanja ankadabwa kuti matendawo agwira bwanji ine pamene wojomba ndi wina. Sabata yoyamba inatha, yachiwiri inafika pakati. Mantha anandigwira zedi, koma kukamupepesa sindinapite.

Masiku amenewo ababa anali atabwera kudzapuma, ndipo nkhaniyo inawapeza. Lachinayi masana anandiitana ali pakhonde akusenda nandolo wamuwisi, ntchito imene amuna anzawo ankawaseka nayo, koma iwo ankati khukhi sachita manyazi ndi ndiwo.

"Iwe Byuti, ndamva kuti masiku ano ndiwe thadzi."

Ndinayamba kukumba pansi ndi chala chakumwendo.

"Aphunzitsi akowo sananame ayi, Chizungu amachidziwa. Koma ku Limbe sanakhaleko. Puriti ndi momwe dona ankamunenera mwana wake wamkazi akamuveka diresi la kutchalitchi. Ndiye ndinati mwana wa mlamu wangayu akhale Puriti."

"Nanga Byuti, ababa?"

Anaponya nandolo m'lichero, osafulumira. "Byuti anali galu."

Ndinayesa ngati makutu andinamiza.

"Galu, mwanawe. Wakuda bii, wamakutu ogwa, wodya nyama kuposa ine wophikane. Koma m'nyumba monse muja, wondilonjera m'mawa anali iyeyo basi. Ndikatopa kukhitchini ankabwera kudzagona pamapazi panga. Ndiye utabadwa ndinati mwana wanga atenge dzina la amene anandiyesa munthu."

Za kukoma mtima kwa galuyo ndinadzazimvetsa nditakula. Tsiku limenelo ndinangomva za mchira ndi makutu, ndipo ndinalira mpaka mamina. Ababa anandisiya ndilire, kenako anati, "Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale amako. Ndi yako tsopano. Kaya uisunga, kaya ukawombola nayo m'bale wako, uona wekha. Koma ndamva kuti mawa ndi tsiku lake lomaliza m'kaundula."

Puriti ndinakamupeza kuchitsime akutsuka mtsuko ndi mchenga. Sanandiyang'ane. Ndinazungulirazungulira, ndikufunsa za madzi ngati sindikuwaona, kenako ndinatseka maso nkuitaya nkhani yonse kamodzi.

Anaima. "Galu?"

"Galu."

"Wamchira?"

"Wamchira."

Poyamba anagwira pakamwa. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi m'matope, misozi ili chuchuchu. Chibadwire sindinamuonepo Puriti akuseka choncho. Atapeza mpweya anati, "Mawa ndibwera. Koma ndikauza onse."

Ndinamugwira mwendo, ndinamulonjeza mkanda wanga, ndinamulonjeza kumutungira madzi mwezi wonse. Anapukusa mutu. "Iwe piyopiyo unamuimba masiku angati? Nawenso ulaweko."

Lachisanu analowa m'kalasi ndi sileti yake kukhwapa, mayi ake atatsala akung'ung'udza pa mtondo. Sindikudziwa kuti nkhaniyo anaifalitsa nthawi yanji, poti tinayendera limodzi njira yonse. Koma a Namanja poitana mayina, atangoti "Byuti," kalasi yonse inayankha, "Hu! Hu! Hu!" Anakwapula anyamata awiri atatu kuti mwambo uoneke, koma ine ndinawaona akubisa mano kuseri kwa kaundula. Kuyambira tsiku limenelo anthu sankandiitananso ndi pakamwa pokha, ankayamba ndi likhweru. Zinandipweteka, inde, koma masamu anga anachira sabata yomweyo.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekeza panjira nkukwatiwa. Puriti anapitirira mpaka anakhala mphunzitsi, ndipo ana ambiri a kuno kwathu mawu anayi aja anawamvera kwa iye. Akuti akafika pa beauty ankatsokomola pang'ono, ana osadziwa chifukwa chake.

Masiku ano ana akutchedwa Chisomo, Takondwa, Madalitso, mayina oti sungawapeze pa galu wa mzungu. Wofuna lachizungu amayamba walifufuza pa foni. Ife mayina tinkavala ngati kaunjika, osafunsa kuti anayamba kuvala ndani. Koma langa sindingalisinthe, chifukwa ndikudziwa tsopano kuti ababa anandipatsa chinthu chokhacho chabwino chimene anachipeza m'nyumba ija.

Puriti akadali moyo, tonse mano anatithawa. Akabwera kudzandiona sanena odi. Amaima panjira, nkuyesa kuimba likhweru, ngakhale kuti chimatuluka ndi mpweya wokhawokha. Ndipo ine ndimasiya chilichonse chimene ndikuchita nkutuluka ndi liwiro lonse limene mawondowa angalole. Chimene chimasowa ndi mchira wokha.