Arlete Sakonda Kumva Munthu Akukuwa

Ndine ndinaphunzitsa Arlete kugonetsa anthu. Ali ndi zaka zitatu anandiona ndikugwetsa njovu ndi mbama imodzi ku Mburuma, njovuyo nkugona sabata yathunthu. Chabwino, ndanama. Njovu ikangoyang'ana kumene ndili, ine ndimakhala ndafika kale ku Zumbo. Amene anamuphunzitsa ndi ng'ona.

Arlete ndi mwana wa mlongo wanga, wobadwira ku Kavalamanja. Ali giredi faifi, ng'ona inagwira atate ake, a Pedro, akukoka ukonde. Anaitosa m'diso ndi chala mpaka inawasiya, koma mnofu wa ntchafu unatsala ukulendewera. Motoka kunalibe. Amuna anayi anawakhalira pachifuwa ndi m'miyendo, wachisanu nkuthira madzi amchere pabala, nkusoka ndi ulusi wa ukonde. A Pedro anakuwa mpaka agalu a kutsidya kwa Zambezi anayankha. Arlete anaima pakhomo, maso gwa, osalira. Atate ake anachira, koma iye kuyambira tsikulo ngakhale mbuzi ikamaphedwa ankachoka pamudzi.

Atakhoza giredi twelofu anapita ku Lusaka, kuyunivesiti, kukaphunzira unesi. Anagwirako ntchito m'mawodi, kenako nkubwerera kusukulu kukaphunzira kugonetsa odwala a opaleshoni. Anayambira pa chidole cha labala, kuchilowetsa paipi ya mpweya kukhosi. Iye amati anachithyola mano kawiri; ine ndimati chidolecho chinapempha transifa. Ali pamaphunziro omwewo, chimuna china chotalika ngati mgwalangwa chinadzidzimuka mankhwala akutha, nkumuponyera chibakera pakamwa. Mlomo unang'ambika, magazi akutsikira m'khosi la yunifomu, koma Arlete sanasiye kuchigwira chibwano mpaka chitapuma bwino. Chipsera chilipo. Ndikamuseka amati, "Amalume, bola anamenya ine, koma sanamve mpeni."

Manje ali kwathu kuno ku Feira, pachipatala. Chaka chatha, dzuwa lili paliwombo, mvuu inagubuduza bwato la a Everisto, mnzanga wa paubwana, amene lero amayenda chotsimphina. Inawaluma m'chiuno, kuwaponya m'mwamba, kuwawakha, nkuwalavula m'bango. Fupa linali poyera. Tinawakweza motoka ya ogula nsomba, ine pambali pawo.

Kwathu wovulala sitimusiya ndi njala, mphamvu azitenga kuti? Ndinawanyemera nsomba yootcha, nkuwamwetsa kachasu wa masau kuti ululu uchepe. Tili pafupi kufika, dalaivala anati, "Koma amene wadya, kufiyeta, kochitira opaleshoni, amamubweza. Amati adikire mawa." Ndinayang'ana magazi amene anali atadzaza pansi pa motoka. Mawa lake liti?

Arlete anatichingamira pakhomo la fiyeta, atavala zobiriwira. A Everisto ankakuwa, akumenya machira ndi chigongono, anesi awiri atawapanikiza. Chimene Arlete ankafuna ndi kuzimitsa mfuu imeneyo msanga, ndipo nyeleti ya jakisoni wogonetsa inali kale m'manja.

"Amalume, adya liti komaliza?"

"Awa? Dzulo m'mawa. Ndiponso anangonyambita supuni."

"Msodzi wa ku Kavalamanja kupita pamadzi osadya?"

"Ali pa kusala kudya. Apemphera kwambiri masiku ano."

"Mundimvetse bwino," anatero, mawu ali pansi. "Kudya si mlandu, sitibweza munthu wotaya magazi chonchi. Koma ndikawagonetsa ngati munthu wopanda kanthu m'mimba, pamene muli chakudya, chibwerera kukhosi nkulowa m'mapapo. Mvuu yawalephera, muwatsiriza ndinu."

Mwina mukuti apa ndinaulula. Pakamwa pozolowera bodza sipatembenuka msanga, ndiponso anthu anali atatizungulira, akazi a a Everisto ali pomwepo, amene kachasu amadana naye ngati njoka.

"Iwe mwana, ndinakunyamula uli ndi mamina. Ndikati sanadye, sanadye. Ngakhale madzi a mumtsinje anawalavula onse."

Dokotala anasuzumira, manja ali m'mwamba, atasamba kale. "Sisita, tiyambe?"

Arlete anawerama, nkuyika mphuno pafupi ndi pakamwa pa a Everisto, mkati mwa kukuwa komweko. Anatola kanthu pandevu zawo, nkukayang'ana pawindo. Kanali kamunga ka nsomba, kopserera mbali imodzi. Anaika nyeleti pansi.

"Bweretsani paipi yopopera m'mimba ndi makina oyamwa," anauza anesiwo. "Tiwagonetsa mwa njira ina."

Machira atayamba kuyenda, ananditembenukira.

"Amalume, mvuu za ku Kavalamanja zinayamba liti kuotcha nsomba ndi kutcheza kachasu wa masau?"