Tambula imene mpongozi wanga sanalawe

"Chakumwa chimene wokupatsa sanalawe, usachiike pakamwa." Anandiuza choncho azakhali anga nditangofika mu Lusaka, ndili mtsikana wokwatiwa kumene. Amuna awo anamwalira atamwa mowa wa paukwati ku Chilenje. Kwathu wobweretsa chikho ndiye amayamba kumwa, anthu akuona. Si chipongwe ayi, ndi ulemu.

Amuna anga atamwalira, mwana wanga wamwamuna ananditenga ku Kabwata kuti ndikakhale naye ku Woodlands, ndizilera mdzukulu wanga, kamtsikana kosayamba sukulu. Kankagona m'chipinda mwanga, ndipo phala sikankadya ngati supuni sinali m'dzanja langa. Chimene ndinakhalira m'nyumba ija ndi kamwanako basi. Agalu, mpanda wamagetsi, mlonda wa pageti amene maso ake sindinawakonde, zonsezo ndinapirira chifukwa cha iko.

Mpongozi wanga ndi Mbemba wa ku Kopala, dera la migodi. Loweruka masana anzawo a ku Kabulonga akabwera, iye ankayala mabotolo pakhonde n'kuyamba kusakaniza mowa. Amati makokutelo. Wa mwamuna wake unali wisiki wothira shuga ndi khungu la lalanje. Azimayi ankakonda mohito: amasinja masamba a minti ndi ndimu pansi pa tambula, n'kuthira ramu ndi madzi oundana. Mowa wina ankaukhutchumula m'chikho chachitsulo, n'kupaka mchere pamlomo pa tambula. Masamba, mchere, kusinja, aliyense chikho chakechake. Kwathu zimenezi tikaziona timadziwa dzina lake. Ine ndinkakhala pakona, mwana pamiyendo, maso pa manja ake.

Chinthu chimodzi chinkandikhazika mtima pansi. Asanapereke tambula iliyonse, ankaviikamo kapaipi komwera, n'kutseka kumwamba kwake ndi chala, n'kudonthezera palilime. Ankati akuyesa shuga. Ine ndinati kaya akuyesa chiyani, bola walawa. N'chifukwa chake ndinkalandira yanga, ya chinanazi ndi kokonati, yoyera ngati mkaka. Inkakoma, sindinama.

Kenaka anasiya kulawa. Palibe anaona, ndinaona ine. Masiku omwewo ndinawamva iye ndi mwana wanga akunong'onezana kukhitchini, ine ndikalowa zii. Kunabwera munthu wodzayeza chipinda changa ndi tepi, akuti akufuna kupenta. Kupenta chipinda chimene khoma lake linalibe banga!

Loweruka lina m'nyengo yotentha magetsi anathima, monga mwa masiku ano. Makina ogayira zipatso anakawalumikiza kukhitchini kumene kunali batire, ndiye chakumwa changa chinapangidwira kumene maso anga sakufika. Anatuluka nacho pambale, nagwada bwinobwino.

"Bamayo, iyi ni yanu. Naikamo ramu pang'ono chabe, mwamene mukondela."

"Zikomo, apongozi. Lawani."

Mnzake wina wa nsidze zojambula anaseka. "Iye! Ambuya bafuna owalawila monga mfumu!" Onse anaseka, kupatula mpongozi wanga.

"Siningamwe lelo, bamayo."

"Dontho limodzi. Kapaipi kanu kali kuti?"

Anayang'ana mwamuna wake. Mwana wangayo anaimirira, natambasula dzanja.

"Amai, bweletsani nilawe ine, nkhani isile."

Ndinaphimba tambula ndi chikhatho. Ndikanalola bwanji mwana amene ndinabala ndekha kumwa chimene mkazi wake akuchiopa? Ndinaimirira, ndinakhuthulira chonse pa maluwa a m'mbali mwa khonde.

"Chipinda ngati mukuchifuna, nenani," ndinatero. "Ndituluka ndi miyendo yanga, osati m'bokosi."

Nyimbo zinali kulirabe pa foni ya wina. Mpongozi wanga anadzuka pamene anagwada, nalowa m'nyumba mbale ili m'manja. Alendo anayamba kufunafuna makiyi a galimoto.

Sabata isanathe katundu wanga anali m'galimoto. Mwana wanga ndiye anandibweza ku Kabwata. Kamdzukulu kanga anakagwira pageti kakukuwa kuti ambuya, ambuya, nsapato imodzi ili m'manja, kakufuna kukwera nawo.

Mvula inabwera, inatha. Tsiku lina pamsika mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandigwira mkono. "Mwakula, ambuya! Mwana wamwamuna, eti? Akuti wafanana ndi malemu amuna anu." Ndinamwetulira ngati ndikudziwa. Ndinagula tomato amene sindinkamufuna, ndinabwerera kunyumba.

Kani mpongozi wanga anali ndi pakati. N'chifukwa chake mowa sankauika palilime, ndipo chipinda ankayezera kabedi ka khanda.

Mudzati ndinalakwa. Imani kaye. Mimba yaing'ono sailengeza, ndikudziwa, ndaphunzitsa atsikana ambiri zimenezo. Pakhonde paja, pamaso pa wa nsidze zojambula uja, sakananena. Koma kwa ine? Ndinkagona nawo denga limodzi, ndikuwachapira mwana. Akanandikokera kuseri n'kundinong'oneza mawu awiri okha. Anasankha kuti mayi wa pamsika adziwe ine ndisanadziwe. Ndinamuimbira mwana wanga. Anati, "Amai, munamuchula mfiti pamenso pa banzanga." Mawu amenewo sanatuluke m'kamwa mwanga. Ndinangopempha chimene mwana aliyense woleredwa bwino amachita asanapemphedwe.

Khandalo sindinalisambitse, sindinalinyamule, ndangoliona pa foni ya mayi yemwe uja. Kamtsikana kanga ndamva kanayamba sukulu. Kaya tsitsi amakaluka ndani, poti kali ndi chipsera kumbuyo kwa khutu, chipeso chikakhudzapo kamalira. Mwana wanga amatumiza dalaivala ndi thumba la unga wa nsima, iye osabwera n'komwe kudzaona ngati denga likudontha.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, mukamadutsa ku Kabwata, fufuzani kanyumba ka mtengo wa mapeyala wouma mbali imodzi, mugogode. Mwina sindidzatsegula, poti sindikudziwani, koma ndidzafunsa kuti ndani. Mukagogoda n'kumva zii, musachoke. Itanani oyandikana nawo, athyole chitseko.